Mafuta ndi Thina pa Galasi la Ndege

Chala changa chaching'ono cha kudzanja lamanja sichipindika. Anachithyola ndi alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, pochiponda ndi nsapato yawo ya kutchalitchi pa simenti ya m'shedi ya ndege. Mpaka lero tikakumana pamaliro ndimawapatsa dzanja lomwelo dala, kuti aligwire, alimve.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono kuseri kwa Chelstone, mbali ya ku Chongwe. Sindinali injiniya ayi. Sukulu ndinalekezera ku sekondale. Ntchito yanga inali kutsuka ndege, kuzikankha polowa ndi potuluka m'shedi, kuthira mafuta, ndi kupatsira masipanala injiniya wathu, mdala wa ku Kitwe wosakonda zolankhulalankhula. Koma magalasi akutsogolo anali anga. Mdalayo anandisiyira chifukwa ankati chikhato changa chimamva mchenga kuposa maso ake.

Timangoti galasi, koma la ndege yaing'ono silili ngati la basi. Ndi lapulasitiki, loumbidwa mokhota, lofewa moti fumbi lenilenili limalicheka. Sulipukuta louma. Umayamba wavula mphete ndi wotchi, n'kuthira madzi ambiri, n'kumayendetsa chikhato chopanda kanthu pang'onopang'ono, khungu likumvetsera pamene pamatirira mchenga kapena kachirombo kofera pomwepo. Kenako sopo wosaluma, ndi nsalu yofewa ya thonje imene sinagwepo pansi. Ikangogwa, basi, yasanduka yopukutira matayala. Dzanja limayenda chokwera ndi chotsika, osati mozungulira. Mizere yozungulira mumthunzi sioneka, koma ndege ikayang'anizana ndi dzuwa yonse imayaka nthawi imodzi, woyendetsa n'kukhala ngati amuthira ufa m'maso.

Za mankhwala ndiye osayerekeza. Petulo, sipiriti, thina wosungunulira penti uja, zonsezi zimalidya galasi m'kati mwake. Limachita timing'alu tambirimbiri ngati matope a pachithaphwi chouma, ndipo sitichoka ngakhale upale mpaka manja atuluke matuza. Pokandika pamapalika. Mng'alu umodzi umaubowolera kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire. Koma thina akalowa, galasi lafa. Limachita khungu, komanso limafooka.

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense pabwalopo ankadziwa. Mlonda wina ndinamupotokola mkono mpaka anagwada, nditamupeza akupukuta galasi ndi chipewa chake, akuti akundithandiza. Kuyambira pamenepo anthu ankadutsa kutali ndi mphuno za ndege ngati pamangidwa galu.

Ndege imene ndikunenayi inali ya abusa a kutchalitchi kwa mkazi wanga, amene mpingo wonse unkawatchula kuti Papa. Ankakhala ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wautali. Ine kutchalitchiko sindinkapondako, koma mkazi wanga anali mmodzi mwa atsogoleri a amayi. Ndegeyo anaigula yakale, ya mipando inayi, itakhalitsa padzuwa. Galasi lake linali lokandikakandika, lotuwa ngati diso la nsomba yogona pamsika. Latsopano linali loitanitsa kunja, likanachedwa, choncho injiniya anati ndiyese kulipala.

Ndinakhala nalo masabata. Sandipepa wa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala kwambiri amene ndinkachita kukamusaka ku Heavy Industrial Area, kenako polishi, dzanja lokhalokha. Mapewa ankawawa moti m'minibasi yobwerera ku Kabwata ndinkalephera kukweza mkono kugogoda denga kuti nditsike. Nditamaliza, mdala uja anakwera pampando wa woyendetsa, nayang'ana kunja nthawi yaitali.

"Mwachosa galasi kapena?" anatero.

Kuyamika kwake kunathera pomwepo. Anavomereza kuti ndege ikhoza kuuluka, napita ku Kitwe kumaliro a mchemwali wake.

Ulendo woyamba unali wa Lolemba m'mawa, kupita ku msonkhano waukulu wa mapemphero ku Luapula. Okwera anali woyendetsa, Papa, akazi awo, ndi mmodzi mwa atsogoleri a amayi. Anasankha mkazi wanga, chifukwa makolo ake anachokera komweko ndipo Chibemba amachilankhula ngati akumwa madzi. Iye anakasoketsa diresi la chitenge ku City Market, ndi duku lake lofanana.

"Zaka zonse izi nichapa chabe fungo ya ndeke pa malaya yanu," anandiuza akudziyang'ana pakalilole. "Manje naine nizakwela. Muzaniona kumwamba, imwe muli pansi na ka nsalu kanu."

Ndinaseka naye. Ndinkafuna akwere. Galasi limene akanaonerapo mitambo linali la manja anga.

Loweruka sindinapite kuntchito. Mkazi wanga anachoka m'mawa ndi a mpingo, n'kubwerako masana ndithu, akuimba kuchokera pamasitepe a mafulati.

"Tadzoza ndeke," anatero akuvula nsapato.

"Mwadzoza pati?"

"Ponse. Mapiko, matayala, na kumaso."

"Kumaso pati, amake mwana?"

"Pa galasi. Papa anathila mafuta, ise tonse taikapo manja."

Ndinamenya tebulo. Kapu ya tiyi inagwa n'kusweka, mwana wathu anathawira kuchipinda. Mafuta odzozerawo paokha sapha galasi, madzi ndi sopo amachotsa. Koma ine ndinkaona manja a mpingo wonse, mphete, zibangili, mawotchi, ndi fumbi la Okutobala likumatirira pamafutapo.

"Pasapezeke munthu wogwilaponso!" ndinakuwa. "Nizasuka neka pa Mande kuseni. Mwamvela?"

"Osakalipa monga muli ku bala, imwe. Ni vinthu va Mulungu ivi."

Anatola zidutswa za kapu osandiyang'ana. Lamlungu kutchalitchi anauza mlongo wake kuti kunyumba kwavuta, bambo akuti galasi lada. Sanalakwitse mawu. Anangowauza munthu wolakwika.

Alamu angawo ndi dikoni woyang'anira za magalimoto a mpingo, chimunthu chachikulu, khosi ngati la ng'ombe. Ali ndi galaja yowongola magalimoto ndi kuwapopera penti. Chikwatirire ine mlongo wawo, sanandionepo ngati munthu. Ankati ndine wotsuka magalimoto amene wangopeza yunifolomu. Tinagwiranapo malaya kale pamaliro ena ku Woodlands, azimayi n'kutileretsa. Atamva kuti galasi lada, anaona mpata wondionetsa kuti ntchito yanga aliyense angaigwire. Mapemphero atatha anapita kubwalo la ndege ndi chigubu cha thina ndi mulu wa nyuzipepala, monga amachitira ndi galimoto asanaipereke kwa mwini wake.

Lolemba ndinalawirira ndi ndowa yanga ndi nsalu zatsopano. Ndisanafike n'komwe pachitseko cha shedi, mphuno inandiuza. Fungo la thina silibisika. Mlonda uja ndinamupotokola mkono anaima patali ndithu, nati, "Si ine, bwana. Ni ba dikoni. Nabauza kuti muzapaya munthu."

Mumthunzi galasi linkaoneka loyera, lotuwirako pang'ono m'mbali. Ndinakoleka chitsulo chokokera ndege kutayala lakutsogolo, n'kuikokera panja ndekha, n'kuitembenuza kuti mphuno iloze kummawa. Kenako ndinakwera pampando wa woyendetsa.

Panalibe chooneka. Galasi lonse linayaka mbee. Mizere ya nyuzipepala inazungulira dzuwa ngati ukonde wa kangaude, ndipo pokhota ndi m'mbali mwa zomangira munadzaza timing'alu tonyezimira. Thanki ya madzi ya kumapeto kwa bwalo sindinaione. Mitengo sindinaione. Mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kummawa, ndiye ndege imanyamuka italoza dzuwa lomwelo. Ndinakanikiza chala chachikulu pakona yapansi, ndipo ndinamva kakuti the, ngati chikhadabo chikuthyoka.

Ndinaimbira injiniya. Foni inali yozima, anali kumanda. Mwini bwalo anali kunja kwa dziko. Woyendetsa anafika ndi chikwama chake, bambo wa imvi zapatalipatali amene anakhala nthawi yaitali pakhomo wopanda ntchito Papa asanamutole. Ndinamukokera pampando. Anayang'ana pagalasipo.

"Nizayang'anila pa windo ya pambali ponyamuka," anatero. "Zuba ikakwela, chizankala bwino."

"Nanga potela? Kuja kuli utsi wa malupsa, bwalo ni ya dothi. Nanga kabawi akakugundani pa galasi iyi?"

"Ba mudala, nili na bana ku sukulu. Nikakana lelo, mailo bazapeza wina."

Sanandiyang'anenso. Anayamba kuzungulira ndege, kugwedeza mapiko, kuyang'ana mafuta, chilichonse kupatula kutsogolo.

Kenako magalimoto anafika mondondozana, ndi minibasi ya amayi a kwaya akuimba. Anatsika azibambo a masuti akuda operekeza Papa, amene kutchalitchiko amawatchula kuti a pulotoko. Anatsika mkazi wanga, diresi latsopano, kachikwama m'manja, nkhope ikuwala ngati tsiku la ukwati wathu. Alamu anabwera molunjika kwa ine manja ali m'matumba.

"Shani, ba mulamu! Mwaona mwamene yang'azimila? Mafuta yenze yakosa na zuba, koma thina sanama. Nakuchepeselani nchito. Simuzakamba zikomo?"

Ndinawagwira tayi. Ndinawakoka mpaka pamphuno pa ndege, n'kuwaweramitsa mutu pafupi ndi galasi.

"Yang'anani! Yang'anani vamene mwachita, imwe bopenta ma bonet ya mamotoka!"

"Chosa kwanja, iwe!" Anandikankha pachifuwa. "Ni ka nkungu chabe aka. Nsanje yakuvuta. Wenze kufuna tikambe ati ni iwe weka uziba kusuka?"

Kwaya inasiya kuimba. Papa anabwera pang'onopang'ono. Sindinganame, sanandikalipire. Anandigwira paphewa nati, "Mwana wanga, chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, mwachidule. Ndinawapempha akwere pampando aone okha. Iwo anaima pamthunzi wa phiko, pamene galasi linkaoneka ngati labwino, natembenukira kwa woyendetsa.

"Akapitawo, mukuti bwanji?"

Woyendetsa anayang'ana nsapato zake. "Tingayende, Papa."

"Mwamva," anatero Papa kwa ine. "Anthu ayenda mitunda kukatidikira kumeneko. Tikabwerako tidzagula galasi lina. Mtima pansi."

Kwa iwo nkhani inatha. Ine sindinali injiniya, ndinalibe mphamvu yoletsa ndege. Ndinapita kwa mkazi wanga.

"Amake mwana, simukwela."

Anamwetulira kuti anzake aziona ngati tikutsanzikana, koma mawu anatulukira m'mano. "Osanichitisa nsoni pamenso pa bantu. Mwamwa?"

"Sinamwe. Bwelani munkale kusogolo, muone mweka."

"Mumazonda ba kalongosi banga, mumazonda chalichi yanga, manje mwazonda na ulendo wanga. Chokani."

Ndinamugwira padzanja. Anathothola dzanjalo. Alamu anadutsa pakati pathu ndi phewa lawo, namunyamulira chikwama, namukweza pakasitepe, n'kumukhazika pampando wakumbuyo. Papa ndi akazi awo anali akutsanzikabe anthu chapatali. Injini inali isanalire.

Ndinabwerera kutsogolo kwa ndege kuti ndimuyang'ane komaliza, mwina angandione m'maso n'kusintha maganizo. Dzuwa linali kumsana kwanga, likumenya pagalasi. Nkhope yake sindinaione. Ndinangoona mtundu wa duku lake, wofiira, ukusambira m'chinthu choyera ngati mkaka wosasa. Mkazi wanga anali pomwepo, pafupi moti ndikanamuponyera kiyi n'kuwakha, koma sindinkamuona. Ndipo munthu wa imvi uja amati aone bwalo la dothi m'kati mwa utsi kudzera pamenepo.

Chitsulo chokokera ndege chinali chikadali pansi pomwe ndinachisiya.

"Amake mwana, belamani! Bisani nkope!"

Ulendo woyamba chitsulo chinanjanja n'kubwerera, mikono yanga n'kuchita dzanzi mpaka m'mapewa. Ndinabwereza pakona yapansi paja panalira. Chinalowa ngati m'chipanda chouma. Galasi linatseguka, zidutswa zinagwera pamipando yakutsogolo, mkazi wanga akukuwa kumbuyo. Ndinamenyanso pakati penipeni, pamene ndinathera masabata ndikupala, mpaka panatsala mano okhaokha m'mbali. Galasi lamoyo limang'ambika mizere itali-itali. Ili pakonapo linanyenyeka ngati bisiketi. Ndine ndekha amene ndinaona zimenezo, ndipo panalibenso nthawi youza munthu.

Chitsulo ndinachiponya kutali, pansi pa ndege ina, chifukwa ndimadzidziwa.

Woyamba kundifika anali wa pulotoko, anandimenya theche pamsana. Ndinatembenuka ndi chigongono, ndinamva mano ake akugundana. Wachiwiri anandikola pakhosi chakumbuyo. Alamu anabwera ndi mutu, anandigunda pamphuno, magazi n'kudzaza m'kamwa. Ndinawalavulira pamalaya awo oyera, n'kuwapatsa chibakera pansi pa diso, chimodzi chokha koma chabwino. Kenako ndinali pansi. Anandikoka miyendo kundilowetsa m'shedi, mutu ukugunda pamwala wa pakhomo, kuti amayi asaone. Amayiwo anali atayamba kale kupemphera mokuwa, kutulutsa chiwanda chimene amati chandilowa.

M'shedimo anandimenya mosinthana. Nthiti, m'mimba, kumaso. Ine ndinkatukwana aliyense ndi mtundu wake, ndipo kutukwanako kunkawawonjezera mphamvu. Wina anandiponda pamkono kuti ndisadzuke. Alamu anaima pamwamba panga akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, diso likutupa.

"Ndiye iyi kwanja yamene iziba vonse?"

Anaponda ndi chidendene. Ndinamva chala chikuthyoka ndisanamve kuwawa.

Akanapondanso. Anakweza mwendo ndithu. Koma nsapato ya chidendene chosongoka inawafika kumbuyo kwa khutu, ndipo amene anaigwira anali mkazi wanga, duku litagwa, phazi limodzi lopanda nsapato, tizidutswa ta pulasitiki tikunyezimira m'tsitsi.

"Musiyeni! Musiyeni, imwe! Ni mwamuna wanga uyu, nizamupaya neka!"

Anawamenyanso paphewa, namenyanso wa pulotoko amene anandiponda mkono. Palibe anayerekeza kumubwezera pamaso pa Papa, amene anali ataima pakhomo la shedi. Mkazi wanga anagwada, nandipukuta magazi kumaso ndi duku latsopano lija, mwankhanza, ngati akukwecha poto.

"Chimunthu choipa mutima," ankatero akulira. "Chimunthu chansanje. Tiye, ima."

Anandiperekeza kuchipatala pa takisi. Njira yonse sanandiyankhulenso.

Papa sanapite nane kupolisi. Anati akundisiya m'manja mwa Mulungu, koma mwini bwalo atabwerako anandisiya m'manja mwa mlonda, amene anandiperekeza kugeti ndi ndowa yanga. Munthu woswa ndege ya kasitomala sasungidwa pantchito, zimenezo ndinkazidziwa chitsulo chili m'manja. Injiniya atabwera kumaliro anandipeza kunyumba, dzanja lili m'pulasitala. Anatulutsa m'thumba kachidutswa ka pakona paja, nakayang'anitsa kudzuwa la pawindo, nakabwezera m'thumba.

"Mukanayembekeza nibwele," anatero.

"Ndeke ikanayembekeza?"

Anamwa tiyi wake napita. Anayesa kundilankhulira kwa mabwana a mabwalo ena, koma mbiri inali itafika kale. Kulikonse ndinali uja wa chitsulo.

Kutchalitchi nkhani inakhala yoti mdani anagwiritsa ntchito mwamuna wosapemphera kuti aletse msonkhano. Alamu anakhalabe dikoni. Woyendetsa uja ndinakumana naye tsiku lina m'tauni, pafupi ndi City Market. Anandigwira dzanja lamanzere ndi manja ake awiri, nthawi yaitali, kenako anawoloka msewu. Kaya amatanthauza chiyani. Mwina akanafika bwinobwino ku Luapula, n'kutera, anthu n'kuimba. Ndege zambiri zimauluka ndi zinthu zoipa n'kufika. Sindidziwa, ndipo palibe adzadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkazi wanga anali pampando wakumbuyo.

Ku msonkhanoko anapitabe, pa basi, mawa lake, tsiku lonse ali pamsewu. Anabwerako ndi nsomba zouma m'katoni, naziika patebulo, nandiphikira, nandidulira nsombayo tizidutswa chifukwa dzanja silinkagwira. Zonsezi osatsegula pakamwa. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, m'nyumba tikulankhulana kudzera mwa mwana. Mawu oyamba amene anandiuza mwachindunji anali oti ndikamete, ndikuoneka ngati wamisala amene anthu amanena.

Masiku ano ndimapala nyali zakutsogolo za magalimoto ku Northmead, pansi pa mtengo pafupi ndi mashopu. Nazonso ndi zapulasitiki, zimachita chikasu ndi dzuwa, ndipo sandipepa wake ndi yemweyo. Chala chija chimangoima chokha pambali ngati cha mayi womwa tiyi kwa azungu. Makasitomala amaseka. Ndikaona wina watenga nyuzipepala kuti apukute nyali imene ndangomaliza, ndimamulanda, ndipo mawu amene ndimamuuza sindingawalembe pano.

Mkazi wanga sanakwerepo ndege mpaka lero. Sananenepo kuti ndinachita bwino, ndipo ine sindinapepesepo. Kandege kakamadutsa pamwamba pa Kabwata iye akuyanika zovala, amaima, dzanja pachipumi, n'kukatsatira ndi maso mpaka kabisike kuseri kwa mafulati.

"Iyo," amatero mokweza kuti ndimve m'nyumba. "Ndeke yanga ija."

Ine ndimayankha ndili pampando, "Muli pano na moyo kuiona."

Amatsonya, n'kupitiriza kuyanika.